Kodi Mfuti ndi Malonda Nazo ndi Thandizo?

Pa 26 Disembala 2004 kunachitika chivomezi chachikulu pansi pa nyanja ya Indian Ocean, ndipo mafunde amene anatsatira anapha anthu oposa 200,000 m'maiko monga Indonesia, Sri Lanka, India ndi Thailand. Tsiku lotsatira, a Jan Egeland a ku Norway, omwe anali mkulu woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku United Nations, anadandaula pamaso pa atolankhani kuti maiko olemera ndi oumira. Sanatchule dziko lililonse, koma anthu a ku America anamva kuti chala chaloza iwo. Pa nthawiyo boma lawo linali litangolonjeza madola 15 miliyoni, ngakhale kuti patapita masiku ochepa linakweza ndalamazo kufika pa madola 350 miliyoni. Komanso m'zaka zimenezo, pa K100 iliyonse ya chuma chimene dziko la America linkapanga pachaka, thandizo lopita kunja silinkafika ndi matambala 20 omwe.

Amene anaikira kumbuyo dziko lawo sanatsutse ziwerengerozo. Iwo anati vuto lili pa kawerengedwe, chifukwa kamasiya kunja zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi asilikali. Sitima yankhondo ya USS Abraham Lincoln inafika ku Aceh, ndipo mahelikopita ake ndiwo anapititsa madzi ndi chakudya kumene misewu inali itakokoloka. Kuwonjezera apo, iwo anati asilikali a America amateteza njira za panyanja zimene maiko onse amadutsitsamo katundu. Chachiwiri ndi malonda: msika wa America umagula katundu wambiri wa maiko osauka, ndipo ndalama zimenezo zimaposa kutali zimene mabungwe othandiza amagawa. M'nkhani ino ndikufuna kuona ngati zinthu ziwirizi ziyenera kutchedwa thandizo. Ndikudziwa kuti ena anena kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a zachuma, osati ya ife a zilankhulo. Ine ndikuona kuti mkangano wonsewu wagona pa tanthauzo la liwu limodzi, ndipo amene wapambana pa tanthauzo ndiye amasunga ndalama zake m'thumba.

Tiyambe ndi liwu lathu. Mneni woti "thandiza" ndi wotakata kwambiri m'Chichewa. Dokotala amathandiza wodwala, mwana amathandiza amayi ake kusinja, ndipo ngakhale munthu wopita kuchimbudzi timati wapita kokadzithandiza. Mukalowa m'golosale, mwini wake amakufunsani kuti, "Tikuthandizeni chiyani, bambo?" chonsecho sopo amene akupatseniyo mulipira. Choncho munthu wonena kuti malonda ndi thandizo ali ndi pogwira m'chilankhulo chathu. Koma chilankhulo chomwechi chili ndi njira yosiyanitsira zinthu imene Chingerezi chilibe. Kuchokera ku mneni yemweyu timapanga "kuthandizidwa", umene ndi msintho wochitidwa, ndi "kuthandizika", umene ndi msintho wam'chibisira. Tikati munthu wathandizidwa, ndiye kuti alipo wina amene wachita ntchitoyo mwadala, ndipo tikhoza kumutchula: wathandizidwa ndi malume ake. Tikati wathandizika, tikunena za zotsatira zokha, wochitayo sakuoneka ndipo mwina kulibe. Mvula ikagwa bwino mlimi amathandizika, koma palibe amene amalemba mvula m'kaundula wa anthu akufuna kwabwino. Mbali inayo nayo ndi yotheka: munthu akhoza kupita kuchipatala, n'kuthandizidwa, koma osathandizika. Kusiyana kumeneku ndiko ndigwiritse ntchito poyesa mfuti ndi malonda.

Tili ndi mawu enanso amene makolo athu anasiyanitsa mosamala. Pali mphatso, pali ngongole, pali katapila, pali ganyu, pali chipepeso. Onsewa amabweretsa kanthu m'manja mwa munthu wosowa. Komabe mwini dimba amene wakulipira chimanga utamupalirira tsiku lonse sanganene pabwalo kuti anakupatsa mphatso. Anthu angamuseke.

Pa dziko lonse, amene amasunga tanthauzo la thandizo la boma ndi komiti ya maiko olemera yotchedwa Development Assistance Committee, ya m'bungwe la OECD ku Paris. Mu 1969 komitiyi inagwirizana kuti ndalama zizitchedwa thandizo la chitukuko pokhapokha zitachokera ku boma, zitapita ku dziko losauka, cholinga chake chachikulu chitakhala kutukula chuma ndi umoyo wa anthu a dzikolo, komanso zitaperekedwa mofewa, kutanthauza kuti zaulere kapena ngongole ya chiwongoladzanja chochepa. Zida zankhondo anazisiya kunja. Chaka chotsatira, mu 1970, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti maiko olemera azipereka matambala 70 pa K100 iliyonse ya chuma chawo. Lonjezo limeneli linamangidwa pa tanthauzo lija. Ndiye kuti ukakulitsa tanthauzo, lonjezo limakwaniritsidwa popanda kuwonjezera ngakhale tambala imodzi.

Ku Washington liwu lomweli lakhala ndi tanthauzo lina. Lamulo la Foreign Assistance Act la mu 1961, limene linabwera limodzi ndi bungwe la USAID m'nthawi ya John F. Kennedy, linaika thandizo la chitukuko ndi thandizo la zankhondo m'buku limodzi. N'chifukwa chake munthu wa ku America akamanena za thandizo la dziko lake amaphatikizapo madola 38 biliyoni amene boma lake linalonjeza Israel mu 2016 kuti aperekedwe m'zaka 10, komanso madola 1.3 biliyoni amene kwa zaka zambiri akhala akupita ku asilikali a Egypt chaka ndi chaka, chiyambi chake chili pangano la mtendere la mu 1979. Gawo lalikulu la ndalama zoterezi limagulira zida zopangidwa m'mafakitale a ku America komweko. Ndalama imatuluka pakhomo la kumaso n'kulowanso pakhomo la kuseri.

Sindikufuna kupeputsa mfundo yoti popanda mtendere palibe chitukuko. Ife Amalawi tinaiphunzira movutikira. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira mtunda wautali mpaka ku Durban. Mtengo wa mayendedwe unakwera, ndipo wogula feteleza ku Mchinji ndiye analipira. Anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi anadzaza maboma monga Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Mu 1987 boma linatumiza asilikali athu kukalondera njanji ya ku Nacala. Munthu amene anaona zimenezi sangakane kuti msilikali woima pamalo oyenera amateteza chakudya cha anthu ambiri.

Koma mawu oti ndalama za nkhondo amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo aliyense amene akufuna kupambana mkanganowu amaonetsa chokongola n'kubisa ziwiri zinazo. Chokongolacho ndi msilikali wopulumutsa anthu pa ngozi. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, dziko la Tanzania linatumiza asilikali ndi mahelikopita kudzathandiza kufikira anthu amene misewu yawo inaduka. Mu 2014, pa mliri wa Ebola, asilikali a America anamanga malo ochizirako ku Liberia ndipo a Britain anachita chimodzimodzi ku Sierra Leone. Pamenepa palibe chokangana. Anthuwo anathandizidwa ndipo anathandizika. Ngakhale malamulo a ku Paris amalola kuwerengera ndalama zowonjezera zimene asilikali agwiritsa ntchito pa ntchito yachifundo ngati imeneyi. Chimene salola ndi kuwerengera mtengo wa sitima yonseyo, imene inagulidwa kalekale pa zifukwa zina.

Chachiwiri ndi zida zopatsa boma lina. Apa funso ndi loti wathandizidwa ndani, boma kapena anthu? M'nthawi ya nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union, Mobutu Sese Seko wa ku Zaire analandira zida ndi ndalama kwa zaka zambiri chifukwa anali kumbali ya azungu a kumadzulo. Ku Angola, America inapatsa zida gulu la UNITA la Jonas Savimbi, pomwe Soviet Union ndi Cuba anathandiza boma la MPLA. Mbali zonse ziwiri zinkati zikuthandiza Angola. Nkhondoyo inatha mu 2002, ndipo mabomba okwirira pansi anapitiriza kudula anthu miyendo m'minda mwawo. Liwu loti thandizo likafika poti lingatanthauze bomba lokwiriridwa m'munda wa chinangwa, ndiye kuti latha ntchito.

Chachitatu ndicho chachikulu pa ndalama, ndipo ndicho chofooka pa mfundo: zimene dziko limawonongera asilikali ake omwe. Tiyerekeze kuti mwayandikana nyumba ndi munthu wolemera amene ali ndi agalu olusa ndi alonda. Akuba amaopa dera lonselo, ndipo nanunso mumagona tulo. Mwathandizika, n'zoona. Koma agaluwo sanawagulire inu, sanakufunseni powagula, ndipo tsiku limene adzagwire nkhuku zanu mulibe kokadandaula. Akadzabwera pa maliro n'kukana kusonkha, ati chifukwa agalu ake amalondera mudzi wonse, mfumu idzamuuza chiyani? Bungwe la SIPRI la ku Stockholm linawerengera kuti mu 2024 maiko onse anawononga madola oposa 2,700 biliyoni pa zankhondo, ndipo America yokha inawononga pafupifupi 1,000 biliyoni. M'chaka chomwecho thandizo lonse la chitukuko lochokera ku maiko a m'komiti ya ku Paris linali madola pafupifupi 212 biliyoni. Titati tiphatikize ziwerengero ziwirizi, maiko achifundo kwambiri pa dziko lapansi angakhale America, China ndi Russia, ndipo akasinja amene analowa m'dziko la Ukraine mu 2022 angalembedwe m'kaundula mmodzi ndi mijigo.

Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri pa kusakaniza zinthuzi ndi ya damu la Pergau ku Malaysia. Mu 1988 boma la Margaret Thatcher linagwirizana ndi Malaysia kuti ligulitse zida zankhondo za ndalama pafupifupi mapaundi 1 biliyoni, ndipo pambali pake panali lonjezo la thandizo. Thandizolo linadzakhala mapaundi 234 miliyoni omangira damu la magetsi, ngakhale kuti akuluakulu a nthambi ya thandizo ya Britain yomweyo anachenjeza kuti ntchitoyo inali yowononga ndalama. Bungwe la World Development Movement linakasuma, ndipo mu 1994 khoti lalikulu ku London linagamula kuti nduna ya zakunja, a Douglas Hurd, inaphwanya lamulo. Chimene chimandikoka ine ndi chakuti mlanduwo unali wa tanthauzo la mawu. Lamulo linkati ndalamazo ndi zotukulira dziko lina, ndipo oweruza anati ntchito yosapindulitsa chuma cha dzikolo singatchedwe chitukuko. Mu Pergau munakumana zonse zitatu, mfuti, malonda ndi thandizo, ndipo chimene chinadyedwa ndi thandizo.

Tsopano za malonda. Pano ndiyenera kuvomereza msanga kuti malonda atukula anthu ambiri kuposa thandizo. South Korea, China ndi Vietnam sanachoke mu umphawi chifukwa cha matumba a ufa, koma chifukwa chogulitsa katundu kunja. Maiko osauka eni ake anafuula kuti akufuna malonda osati zopempha, pa msonkhano woyamba wa UNCTAD ku Geneva mu 1964. Mayi Dambisa Moyo a ku Zambia, m'buku lawo la mu 2009 lotchedwa Dead Aid, anafika ponena kuti thandizo la boma ndi boma ndilo likulemaza Africa. Koma taonani kuti onsewa akusiyanitsa zinthu ziwirizi. Munthu sanganene kuti ndikufuna ichi osati icho ngati ziwirizo ndi chinthu chimodzi.

Wogula fodya ku okushoni ya ku Kanengo sabwera kudzathandiza mlimi wa ku Kasungu. Amabwera chifukwa fodyayo akampindulira, ndipo akapeza wotchipa kwina amapita komweko osatsazika. Mlimi naye sagulitsa chifukwa chokonda wogulayo. Pa malonda abwino onse awiri amathandizika, ndipo ngati tikufuna kugwiritsa ntchito mneni wathu uja, msintho woyenera ndi wochitirana: akuthandizana. Tsono ngati akuthandizana, bwanji mmodzi yekha ndiye alembedwe kuti wopereka? Mwa kawerengedwe kameneko nafenso timathandiza South Africa tsiku lililonse pogula katundu wake, ndipo timathandiza Japan pogula magalimoto ake akale.

Pali mbali imodzi ya malonda imene imandivuta kuikana. Mu 2000 America inakhazikitsa lamulo la AGOA lolola katundu wambiri wa mu Africa kulowa popanda msonkho, ndipo kwa zaka zingapo mafakitale osoka zovala ku Lesotho, ku Kenya ngakhalenso ku Blantyre kuno analemba anthu ntchito chifukwa cha lamuloli. Mu 2001 bungwe la European Union linatsegula msika wake kwa maiko osaukitsitsa pa ndondomeko yotchedwa Everything But Arms, kutanthauza kuti zonse kupatula zida. Dzinalo lokha likuonetsa kuti eni akewo amadziwa kuti zida ndi katundu wa mtundu wina. Pa ndondomeko zoterezi boma lolemera limataya msonkho mwadala kuti dziko losauka lipindule. Pali wochita, pali cholinga, pali mtengo umene walipira. Zikufanana ndithu ndi thandizo.

Komabe ndikaganiza mofatsa ndimaona kuti msonkhowo anauika ndi iwo omwe. Munthu amene anatchinga njira ya kumsika ndi minga, tsiku lina n'kuchotsako nthambi ziwiri, wachita bwino, koma sanakunyamule pa njinga. Ndiponso nthambi zochotsedwazo amasankha yekha. Mu Everything But Arms, shuga ndi mpunga anazichedwetsa mpaka 2009, chonsecho shuga ndi chimodzi mwa zinthu zimene ife timalima kwambiri ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ndipo ngati tikufuna kuwerengera zabwino za malonda, chilungamo chikufuna kuti tichotserenso zoipa zake. Mu 2003, pa msonkhano wa World Trade Organization ku Cancún, maiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula kuti ndalama zimene boma la America limapatsa alimi ake a thonje zikugwetsa mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse. Amene amafuna kuti malonda alowe m'kaundula wa thandizo sindinawamvepo akupempha kuti zimenezi zilembedwe ngati ngongole yawo. Khomo la msika limatsekedwanso nthawi iliyonse mwini wake akafuna: mu Novembala 2019 akuluakulu a za msonkho ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi aziyamba wagwidwa padoko chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana m'minda. Chifukwacho chinali chomveka, koma chikutikumbutsa kuti kiyi ili ndi ndani.

Chodabwitsa n'chakuti vuto lenileni limayenda chobwerera. M'malo moti malonda akhale thandizo, nthawi zambiri thandizo ndilo limakhala malonda ovala jekete la chifundo. Lamulo la chakudya la America la mu 1954, lodziwika kuti PL 480, linayamba ngati njira yochotsera mbewu zotsala m'nkhokwe za alimi awo, ndipo kwa zaka zambiri chakudyacho chimayenera kugulidwa ku America n'kunyamulidwa, gawo lalikulu, pa sitima za ku America. Pa njala ya mu 2002 chimanga chimene chinabwera chinali chosinthidwa chibadwa. Zambia ya Levy Mwanawasa inachikana, pomwe Malawi inachilandira n'kunena kuti chiyambe chagayidwa kuti anthu asachibzale. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo sindikuyembekezera kuti boma lililonse lipereke popanda kuyang'ana zake. South Africa inatibwereka ndalama zomangira Lilongwe chifukwa Dr Banda anatsegula ubale ndi boma la tsankho mu 1967 pamene maiko ena a mu Africa ankalisala. Taiwan inamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, China inamanga nyumba ya malamulo titasiya Taiwan kumapeto kwa 2007, ndipo aliyense amadziwa chifukwa chake. Koma chipatalacho chilipo, ndipo odwala akugonamo. Cholinga chobisika sichichotsa thandizo ngati chinthucho chafikadi kwa anthu ndipo wolipira ndi woperekayo.

Kukulitsa tanthauzo sikungokhala nkhani ya m'kalasi, chifukwa kwachitikapo kale. Malamulo a ku Paris amalola dziko lolemera kuwerengera ndalama zosamalira othawa kwawo m'dziko lake lomwe kwa miyezi 12 yoyamba. Mu 2022 Britain inagwiritsa ntchito mapaundi pafupifupi 3.7 biliyoni mwa njira imeneyi, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a thandizo lake lonse, ndipo zambiri zinalipira mahotela a ku Britain komweko. Pa pepala thandizo linaperekedwa. Ngati kabowo kakang'ono chotere kanatulutsa ndalama zochuluka chonchi, nanga khomo la zankhondo litatsegulidwa kungatsale chiyani?

Chaka cha 2025 chinayankha funso langa mwa njira imene sindikanaisankha. Mu Febuluwale nduna yaikulu ya Britain, a Keir Starmer, analengeza kuti thandizo litsika kuchoka pa matambala 50 kufika pa 30 pa K100 iliyonse pofika 2027, kuti ndalamazo zipite ku asilikali. Nduna yoona za chitukuko cha maiko akunja, mayi Anneliese Dodds, anatula pansi udindo. Ku America boma la Donald Trump linaimitsa thandizo lambiri mu Januwale, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID linali litatsekedwa. Palibe nduna imene inauza anthu ake kuti ndalamazo zangochoka m'thumba lina la thandizo kupita m'thumba lina la thandizo. Pa nthawi yogawa ndalama, onse anadziwa bwino lomwe kuti mfuti ndi mankhwala ndi zinthu ziwiri, ndipo kuti china chikakwera china chimatsika.

Nanga titavomera kuti msilikali ndi thandizo, Malawi ili mbali iti ya kaundula? Kuyambira mu 2013 asilikali athu, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, anali m'gulu lapadera la United Nations lolimbana ndi zigawenga kummawa kwa Democratic Republic of Congo. Ena amati imeneyo ndi ganyu chabe, popeza United Nations imabwezera boma ndalama pa msilikali aliyense. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaomberedwa atakokera pamalo otetezeka msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo Mtanzaniayo anapulumuka. Mu Meyi 2019 a António Guterres anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi yapamwamba kwambiri kwa osungitsa mtendere. Mu Januwale 2025 asilikali athu enanso atatu anafera pafupi ndi Goma ali m'gulu la SADC. M'mabuku a ku Paris, dzina la Malawi limapezeka pa mndandanda umodzi wokha, wa maiko olandira.